Ndinkaopa kuonda kuposa mmene ndinkaopera BP

Amayi anzanga amene muli kuno ku Johannesburg, ambiri mwa inu mukandipeza ku tchalitchi kapena ku chipereganyu mumandikokera pambali n'kundifunsa kuti ndikumwa chiyani kuti thupi langa lichepe chonchi. Mumayembekezera kuti nditchula tiyi winawake, mapiritsi kapena jakisoni. Ndikati palibe chochepetsa thupi chimene ndikumwa, ena mumaganiza kuti ndikukubisirani. Sindikubisa kanthu ayi. Kungoti yankho lake ndi lalitali, silingatheke titaima pakhomo wina akuthamangira takisi, n'chifukwa chake ndati ndililembe.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndimakhala ku Windsor, kufupi ndi Cresta, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba chakumtunda ku Northcliff. Ndinabwera ndili ndi thupi lapakatikati, ndipo kunenepa kunabwera mwakachetechete. M'mawa ndinkagula magwinya pamsewu, mandasi akuluakulu a kuno aja, n'kumwera tiyi wa masipuni atatu a shuga. Cha m'ma 10 koloko, buledi wa jamu ndi tiyi wina. Ana a abwana akasiya chakudya m'mbale, womaliza ndinali ine. Madzulo nsima ya ufa woyera mitanda itatu kapena inayi, nkhuku yosambira m'mafuta, ndi botolo la malita awiri la zoziziritsa kukhosi chifukwa kuno limagulika. Kumudzi munthu umapita ku mjigo, kudimba, kuchigayo, zonse wapansi. Kuno takisi imakutula pakhomo.

Si ine ndekha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko la South Africa wa mu 2016 anapeza kuti amayi 68 pa 100 alionse anali ndi thupi lopitirira muyezo. Kafukufuku ngati yemweyo ku Malawi, wa 2015 mpaka 2016, anapeza amayi 21 pa 100, ndipo m'matauni anali 36. Ndiye kuti tachoka kumene mayi mmodzi pa asanu ndi wonenepa, tabwera kumene ali awiri pa atatu. Maso amazolowera. Ukakwera takisi n'kuona kuti onse amene wakhala nawo pampando ali ngati iwe, suona chachilendo pa thupi lako.

Komanso ndinkayamikiridwa. Ndikatumiza chithunzi pa WhatsApp, amayi anga ankasangalala kuti, "Mwana wanga, Joni wakukonda." Ndikapita kumudzi pa Khirisimasi, amayi a m'mudzi ankandigwira m'mikono n'kumati zikuoneka kuti zinthu zikuyenda. Kwathu mkazi wonenepa ndi amene akusamalidwa, ali pa mtendere, m'nyumba mwake muli chakudya. Mkazi amene wabwera ku Joni ataonda amamuyang'ana ndi maso ena. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kumene maso amenewo anachokera. Tinaona amalume ndi alamu athu akutsika basi atatha thupi, anthu akunong'onezana za kaliwondewonde, patapita miyezi yochepa tikukumana pamaliro. Ma ARV aulere anayamba kufalikira ku Malawi mu 2004, ndipo lero anthu amene ali ndi kachilombo akukhala ndi moyo wautali, athanzi, akulera zidzukulu. Koma mantha aja sanachoke m'mitima mwathu. Anangokhala pansi.

Ndinapita ku kiliniki chifukwa cha mutu wosatha, mapazi otupa madzulo, ndi mawondo amene ankalira ndikamakwera masitepe a kuntchito nditanyamula zochapa. Anamwino anandiyeza BP n'kupeza kuti yadutsa 140/90, ndipo nditabwereranso inali pomwepo. Shuga anali m'malire, sanafike pa matenda koma akulowera komweko. Kenako anatenga tepi ngati ya atelala n'kundiyeza m'chiuno. Anati kwa mayi, chiuno chikadutsa masentimita 88 chiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima chimakhala chachikulu, chifukwa mafuta a pamimba ndi amene amazinga ziwalo za m'kati. Changa chinali chitadutsa 100. Anandipatsa mapiritsi a BP n'kundiuza kuti ndichepetse thupi.

Potuluka pamenepo, funso loyamba limene linabwera m'mutu mwanga silinali la sitiroko. Linali lakuti, ndikaonda anthu adzati chiyani? Amayi adzagona tulo? Ndalemba zimenezi poyera chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu funso lomweli mulinalo, ndipo palibe amene amalitchula. Timakambirana za mandimu ndi madzi otentha, za kusiya nsima, za malamba omanga pamimba, koma pansi pa mtima sitinavomereze kuti tikufunadi kuonda. Dzanja limodzi likukoka, lina likubweza. Ndi mmene ndinkachitira ine: ndikatsika pang'ono, wina n'kundifunsa kuti, "Achemwali, muli bwinobwino koma?" madzulo omwewo ndinkawonjezera mtanda.

Chimene chinandimasula ndi azakhali anga. Anagwa ndi sitiroko ali kudimba, ndipo mpaka pano mbali imodzi ya thupi siigwira. Anali mayi wooneka bwino, wathupi, amene aliyense ankamutchula akafuna kupereka chitsanzo cha mkazi wosamalidwa. Anthu onse amene ankawayamikira aja, lero palibe amene amabwera kudzawatembenuza pamphasa. Amawasambitsa ndi mwana wawo wamkazi amene anasiyira sukulu panjira. Ndinaganiza za ana anga awiri amene ali ndi agogo awo ku Ntcheu. Fizi, yunifolomu, feteleza, malata, zonse zimadikira ine kumapeto a mwezi. Ife ogwira ntchito za m'nyumba m'dziko la eni, ukagona pabedi miyezi iwiri ntchito yapita. Apa m'pamene ndinapeza chifukwa changachanga, chosadalira maso a munthu wina aliyense.

Ndisanasinthe chilichonse m'mbale, ndinayamba ndi kuimbira foni amayi anga. Ndinayezetsa magazi kaye kuti ndilankhule zimene ndikudziwa. Ndinawauza kuti, "Amayi, mundiona ndikuchepa thupi miyezi ikubwerayi. Sindikudwala. Achipatala apeza BP, ndipo andiuza kuti ndikapanda kutsitsa thupi zidzandichitikira zimene zinachitikira azakhali." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndikudya mokwanira. Funso limenelo amafunsabe mpaka lero, ndipo ndimalilandira chifukwa ndi chikondi chawo. Koma kuyambira tsiku limenelo, anthu a m'mudzi akayamba kunong'ona, woyankha amakhala iwowo. Kwa anthu a kuno ndinakonza yankho limodzi lalifupi: "Ndi BP, adokotala anandiuza." Sindiwonjezera. Munthu ukakhala ndi yankho lokonzeratu, funso silikulasa.

Ndinene pano kuti mlongo wathu amene ali ndi kachilombo alibe chochititsa manyazi, kaya waonda kaya wanenepa. Mphekesera zimenezi zimapweteka iye kuposa ine. Tikamayesa thanzi la munthu ndi kukula kwa mikono yake, timalakwira onse awiri.

Chachiwiri chimene chinasintha m'mutu mwanga ndi kukula kwa ntchitoyo. Ndinkaganiza kuti kuchepetsa thupi ndiye kuti ndibwerere mmene ndinalili ndili mtsikana, ndipo poona kutalika kwa ulendowo ndinkafooka ndisanayambe. Anamwino aja anandiuza kuti cholinga choyamba ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse amene munthu akulemera. Kwa mayi wa makilogalamu 90, amenewo ndi pakati pa 4.5 ndi 9 basi. Pamenepo BP ndi shuga zimayamba kale kumvera. Ku America kunachitika kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali m'malire ngati wanga, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Gulu limene linapatsidwa cholinga chotsitsa makilogalamu 7 pa 100 ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata linachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi 58 peresenti. Sanafunike kukhala ngati atsikana a pa TV. Nditamva zimenezi ndinaona kuti ndi katundu woti ndingasenze.

Ambiri a ife timayamba mu Januwale ndi ukali. Nsima ayi, buledi ayi, madzulo madzi okha. Ena amagula tiyi wochepetsa thupi amene amagulitsidwa m'misewu ya m'tauni ndi pa Facebook. Ambiri mwa matiyi amenewo amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa madzi achoka, mafuta ali pomwepo, ndipo kwa munthu wa BP kapena impso n'zoopsa. Njira ya ukali imatha sabata ziwiri kapena zitatu. Kenako pamabwera ukwati, kapena maliro, kapena tsiku limene magetsi azima ndipo wagula chipisi ndi soseji pakona. Ukadya, mawu amabwera m'mutu: ndaphwanya kale, basi ndidzayambiranso mwezi wamawa. Mawu amenewa ndi amene anenepetsa amayi ambiri kuposa chipisi chenichenicho. Mbale imodzi ya chipisi singabweze makilogalamu asanu. Chimene chimabweza ndi masabata anayi otsatirawo, amene munthu amadya mokhumudwa poganiza kuti ndi wolephera.

Ndinaphunzira kuganiza mwina poyang'ana nyumba imene ndikumanga kumudzi. Tonse kuno tikudziwa mamangidwe ake. Mwezi uno watumiza ya matumba asanu a simenti, mwezi wamawa ya malata angapo, mwezi wina mwana wadwala ndipo sunatumize kalikonse. Kodi mwezi umene sunatumizewo umaimba foni kuti agwetse khoma chifukwa walephera? Khoma limadikira, ndipo ndalama ikapezeka amisiri amapitiriza pamene anasiyira. Kuleza mtima kumeneku tili nako kale, timangokana kuligwiritsa ntchito pa matupi athu. Lero ndikadya kwambiri paukwati Loweruka, Lamlungu m'mawa ndimadya monga mwa masiku onse. Sindidzilanga ndi njala, sindidikira Lolemba.

Akatswiri a ku University College London anatulutsa mu 2009 zotsatira za kafukufuku wofuna kudziwa kuti chizolowezi chatsopano chimatenga nthawi yaitali bwanji kuti chikhazikike. Anapeza kuti pakatikati ndi masiku 66, koma ena anatenga 18 pomwe ena zimafuna mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kanthu. Ndimakonda kuuza anzanga zimenezi chifukwa ambiri amasiya pa sabata yachitatu poganiza kuti chikhala chovuta chonchi mpaka kalekale.

Palinso china chimene ndikanakonda wina akanandiuza msanga. Thupi likayamba kutsika, limadziteteza. Njala imakula, kukhuta kumachedwa, ndipo thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mosamala kuposa kale. Ndi mmene tinalengedwera kuti tipulumuke nthawi ya chilala. Choncho sikelo ikaima miyezi ingapo, kapena njala ikavuta madzulo, si umboni woti ndinu wofooka mtima. Yanga inaima nthawi yaitali ndithu. M'malo mokwera sikelo tsiku lililonse, ndinkayang'ana zina: siketi imene inayamba kuzungulira m'chiuno, masitepe a kuntchito amene ndinayamba kukwera osaima pakati, nambala ya BP pakhadi langa.

Za chakudya sindichulutsa, chifukwa zambiri mukuzidziwa. Nsima sindinasiye ndipo sindidzasiya. Munthu wa ku Ntcheu kumuuza kuti nsima ndi mdani, mwamutaya. Ndinachepetsa mitanda n'kudzaza mbale ndi ndiwo zamasamba. Ku msika wa ku Yeoville mumapezeka nkhwani, therere, bonongwe ndi nsomba zouma, ndipo kabichi, sipinachi ndi nyemba zili paliponse pamtengo wotsika. Mafuta ndimathira ndi sipuni, osati kupendeketsa botolo. Chimene chinandithandiza msanga ndi shuga wakumwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asadutse magalamu 50 a shuga wothira pa tsiku, omwe ndi masipuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo akakwanitsa 6 ndi bwino koposa. Ine makapu atatu a tiyi okha ankandipatsa masipuni 9, ndisanakhudze jamu kapena botolo lija. Boma la kuno linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu Epulo 2018 chifukwa cha vuto lomweli. Ndinatsitsa sipuni imodzi, lilime litazolowera n'kutsitsanso ina.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi zotsala za m'mbale. Ndinaona njala ya 2002 ndi maso anga. Ndinaona anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, ndinaona amayi anga akunama kuti adya kale kuti ife tigawane zotsalazo. Munthu amene anaona zimenezo, dzanja lake limakana kutaya mpunga ndi nyama mu bini. Pa ntchito yathuyi chakudya chotsala chimadutsa m'manja mwathu tsiku lililonse, ndipo ndikamadya ndinkamva ngati ndikuchita chinthu cholungama. Sindinafune kupha mtima umenewo chifukwa ndi wabwino. Ndinangoupezera njira ina. Ndinapempha abwana kuti zotsala zabwino ndiziika m'kontena, ndipo zimakhala chakudya changa chamasana a mawa lake kapena ndimapatsa bambo amene amasamalira maluwa. Chakudya sichikutayidwa, komanso sichikulowa mwa ine pa nthawi imene ndilibe njala.

Ndiye pali kudya kwa usiku. Ukabwera kuntchito, watseka chitseko cha chipinda chako, waimbira ana ndipo wamng'ono wafunsa kuti mubwera liti. Ukadula foni, m'chipinda muli zii. Pamenepo buledi ndi majarini zimakhala pafupi. Zinanditengera nthawi kuzindikira kuti imeneyo si njala ya m'mimba. Ndi kusowa ana, ndi nkhawa ya mapepala, ndi lendi. Sindinganene kuti zinatha, chifukwa ana akadali kutali. Koma tsopano ndimadzifunsa kuti, kodi atandipatsa nyemba zozizira ndingadye? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti chimene ndikufuna si chakudya. Ndimaimbira mnzanga wa ku Mvano amene nayenso ana ake ali ku Malawi, timacheza, nthawi zina timalira, nthawi zina timapemphera. Ndimayesetsanso kugona msanga m'malo mokhala pa foni mpaka pakati pa usiku, chifukwa tsiku limene sindinagone bwino ndimafuna zotsekemera kuyambira m'mawa.

Pa zoyenda, ndinkati ntchito ya m'nyumba ndi masewera okwanira. Imatopetsadi, koma siithamangitsa mtima kwa nthawi yotalikirapo ngati kuyenda ndawala. A WHO amati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Ndinayamba ndi kutsika takisi patali pang'ono n'kukwera chitunda cha Northcliff wapansi. Masiku oyamba ndinkafika wefuwefu. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo zitunda zake sizinyengerera. Pobwerera timayenda awiri kapena atatu ndi amayi ena ogwira ntchito m'dera lomwelo, chifukwa mayi kuyenda yekha kukada kuno si nzeru. Mu Juni ndi Julayi kumada msanga ndipo kuzizira kumakankhira munthu ku tiyi ndi magwinya. Miyezi imeneyo thupi langa limakwerako pang'ono. Ndimadziwiratu, sindidabwa, ndipo kukayamba kufunda limatsikanso.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti amene sakuonda ndiye kuti maganizo ake ndi olakwika. Maganizo amatsegula njira, koma si onse amene akuyenda pa njira yofanana. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena. Pali matenda a chithokomiro, pali kusintha kwa thupi mayi akamasiya kusamba, pali mankhwala ena a matenda a maganizo. Konkuno ku Johannesburg kunachitika kafukufuku wotchedwa ADVANCE, wa anthu oposa 1,000, amene zotsatira zake za mu 2019 zinaonetsa kuti ma ARV okhala ndi mankhwala otchedwa dolutegravir amayendera limodzi ndi kukwera kwa thupi, makamaka kwa amayi. Ngati muli pa mankhwala alionse mwa amenewa, chonde musasiye nokha. Pitani mukawauze anamwino zimene mukuona, akuyezeni BP ndi shuga, mukambirane. Inenso mapiritsi anga a BP ndikumwabe ngakhale nambala zatsika, ndipo wondiuza kuti ndisinthe adzakhala wachipatala. Amene mumaopa mizere ya ku kiliniki kapena mafunso a mapepala, mafamase akuluakulu monga Clicks ndi Dis-Chem ali ndi anamwino amene amayeza zimenezi pa ndalama yochepa.

Panopa ndatsika makilogalamu opitirira khumi, pang'onopang'ono, ndipo sanabwerere. Sindine woonda, ndipo sindikufuna kutero. Mutu uja unasiya, mapazi satupanso, shuga anabwerera m'malo mwake.

Loweruka limene sindikugwira ntchito ndimapita ku Delta Park, kumene kumachitika parkrun, masewera othamanga kapena kuyenda pagulu, nthawi ya 8 koloko m'mawa. Kuno ku South Africa inayambira pamalo omwewo mu 2011, ndipo anaibweretsa ndi katswiri wothamanga Bruce Fordyce. Ndi makilomita 5, salipiritsa, mumangolembetsa kamodzi pa intaneti. Tsiku loyamba ndinkachita manyazi poganiza kuti ndi za azungu ndi anthu a zovala zodula, koma ndinapeza agogo, amayi okankha ana, ndi anthu athupi kuposa ine. Kuthamanga si lamulo, ambiri timangoyenda, ndipo pamakhala munthu wodzipereka amene ntchito yake ndi kuyenda kumbuyo kwa onse kuti wina asatsale yekha. Pano timapita amayi angapo a ku Malawi ochokera ku Windsor ndi ku Randburg. Amene muli chakuno, bwerani ndi nsapato zilizonse zafulati ndi botolo la madzi, mufike nthawi isanakwane kuti mumve malangizo a obwera koyamba.